Mbili ya cache: kucokela pa Celeron yopanda kanthu kufika pa Ryzen ya 96 MB

Ku wailesi kwathu tinakangana pafupifupi mwezi wathunthu cifukwa ca kompyuta. Imene tinali kueditila mapulogilamu inatopa, ndipo komiti inapeza tundalama togulila ina ya second hand. Anyamata amene tinatuma m'tauni anabwela na mitengo ya makompyuta awili. Yoyamba inali na pulosesa ya AMD FX-8350: liwilo 4.0 GHz, ma core 8, cache yopitilila 16 MB ukaphatikiza yonse. Yaciwili inali na Intel Core i7-4770: liwilo 3.4 GHz, ma core 4, cache 9 MB na pang'ono. Pafupifupi onse mu situdiyo anati palibe cokambilana apa, tigule yoyambayo, manamba onse atatu ni aakulu. Ife ocepa amene tinakana tinalibe mawu okwanila ofotokozela cifukwa cake. Tinapita kukawelenga, ndipo tinapeza kuti mkangano wathu ni wakale kuposa ambili a ife. Makampani awiliwa akhala akuumenya kuyambila m'ma 1990, ndipo kangapo konse amene anali na namba yaikulu pa bokosi ndiye analuza.

Liwu lakuti cache limamveka monga cash ya m'thumba, koma linacokela ku Cifalansa, ndipo litanthauza malo obisapo zinthu. Pulosesa ili monga mayi wophika mofulumila amene zophikila zake zili kutali. Ya 4 GHz imagunda ka 4 biliyoni pa sekondi imodzi, koma ikapempha kanthu ku RAM imadikila kugunda 200 olo 300 yankho isanafike. Tiyelekezele kuti kugunda kumodzi ni sekondi imodzi. Cache yoyamba, L1, ni mcele uli pambali pa mbaula: masekondi 4 olo 5, mwautenga. L2 ni shelefu ya m'nyumba, masekondi 12 mpaka 14. L3 ni kukabweleka kwa aneba a pa yadi, kumene onse a pa yadipo amabwelekako, mphindi imodzi siikwana. RAM ni kantemba ka pa msewu, mphindi 4 olo 5 kupita na kubwela, poto ali pa moto. SSD ndiye kukwela basi kukatenga ufa kumudzi, masiku angapo.

Nanga bwanji osapanga memory yonse kukhala yothamanga monga L1? Ndalama. Kuti cache isunge bit imodzi imafuna ma transistor 6, pamene RAM imafuna transistor imodzi na capacitor imodzi. Cache imadya malo aakulu pa silicon, ndipo malo a pa silicon ni odula kuposa puloti ya ku Kabulonga. Cinanso, shelefu ikakula maningi, kufunafuna mcele kumatenganso nthawi. Cimene cimapulumutsa zonse ni khalidwe la mapulogilamu: cimene agwilitsa nchito manje, nthawi zambili acifunanso posacedwa, pamodzi na zoyandikana naco. N'cifukwa cake pulosesa ikapita ku RAM siibwela na byte imodzi, imanyamula 64 pa ulendo umodzi.

Ganizoli si la dzulo. Maurice Wilkes wa ku Cambridge analilemba mu 1965, ndipo mu 1968 a IBM analengeza System/360 Model 85, cimakina ca m'makampani aakulu cimene cinali na cache. Pa desiki linafika mocedwa. Intel 386 ya 1985 inalibe cache mkati, opanga ma motherboard ndiwo anali kuiika pambali. Intel 486 ya 1989 inabwela na 8 KB mkati, ndipo Pentium ya 1993 inali na 8 KB ya malangizo na 8 KB ina ya data. Pofika 1995, ofufuza awili a ku University of Virginia, William Wulf na Sally McKee, anacenjeza kuti mapulosesa akuwonjezela liwilo mofulumila kwambili kuposa memory, ndipo tsiku lina adzagunda cipupa. Zonse zimene zatsatila ni njila zosiyanasiyana zozembela cipupa cimeneco.

Kumapeto kwa 1995 a Intel anatulutsa Pentium Pro. Anaika L2 ya 256 KB olo 512 KB pa kacidutswa kake ka silicon, mu phukusi limodzi na pulosesa, ikuthamanga pa liwilo lonse la pulosesayo. Inali yamphamvu, koma kuipanga kunali kuwawa: tuzidutswa tuwilito anali kutulumikiza asanatuyese mokwanila, ndiye kamodzi kakapezeka koipa, tonse tuwili tunali kutayidwa. Mu 1997, pa Pentium II, anabwelela m'mbuyo mwadala. Anaika pulosesa pa kabolodi m'kabokosi kakuda kooneka monga kaseti, na L2 ya 512 KB pambali pake, yothamanga pa hafu ya liwilo.

Apa ndiye pabwela nkhani imene ife timaikonda kwambili. Mu April 1998, pofuna kugwila msika wa makompyuta ochipa, a Intel anatenga Pentium II, n'kucotsamo L2 yonse, n'kuicha Celeron. Pa bokosi panalembedwa 266 MHz, namba yabwino nthawi imeneyo. Koma pa nchito za mu ofesi inali kulimbana cabe na Pentium MMX yakale ya 233 MHz, ndipo olemba za makompyuta anaiseka. Mu August caka comweco anakonza colakwaco na Celeron 300A. Inali na L2 ya 128 KB cabe, gawo limodzi mwa magawo anayi a ya Pentium II, koma inali mkati mwenimweni mwa silicon ya pulosesa, pa liwilo lonse. Anyamata okonda kuyesayesa anapeza kuti ukasintha liwilo la motherboard kucoka pa 66 kufika pa 100 MHz, ma 300A ambili anali kuthamanga pa 450 MHz popanda vuto. Pa liwilo limenelo inali kulingana, m'magemu na m'zinthu zina zambili, na Pentium II 450 imene inali yodula kuwilikiza kangapo. M'miyezi inayi cabe, dzina limodzi linaonetsa zinthu ziwili: pulosesa yopanda L2 imakhalila kudikila, ndipo cache yaing'ono yapafupi ingalimbane na yaikulu yakutali. Pofika kumapeto kwa 1999, Pentium III yatsopano inali na 256 KB mkati, ndipo posapita nthawi tumabokosi twakuda tuja tunazimililika.

Mpikisano wofika pa 1 GHz unali wa manyuzipepala. A AMD anayamba kufikapo na Athlon mu March 2000, a Intel anatsatila patapita masiku awili. Cimene sicinalembedwe pa zikwangwani n'cakuti L2 ya Athlon imeneyo, imene inali ikali kunja kwa silicon, inali kuthamanga pa gawo limodzi cabe mwa magawo atatu a liwilolo. Anakonza mu June caka comweco poiloweza mkati.

Ndiyeno Pentium 4 inabwela mu November 2000, ndipo iyi ndiye inaphunzitsa dziko lonse kupembedza GHz. Ambili a ife tinaphunzilila kutaipa pa makompyuta amenewa, m'ma internet cafe na m'makoleji. Inapangidwa na colinga cimodzi: namba ikwele. Nchito iliyonse anaidula m'masitepe 20, ndipo pa mtundu wa Prescott wa 2004 masitepe anafika 31. Masitepe akakhala aafupi, liwilo likwela. Koma pulosesa imakhalila kulotela kumene pulogilamu ipite, ndipo ikalotela molakwa imataya zonse zili m'masitepemo n'kuyambilanso. L1 ya data pa Pentium 4 yoyamba inali 8 KB cabe, pamene Athlon inali na 64 KB.

A AMD anapita njila ina. Mu September 2003 anatulutsa Athlon 64, ndipo anacotsa cowongolela memory pa motherboard n'kuciika mkati mwa pulosesa. M'citsanzo cathu cija, anasamutsila kantemba pafupi na geti. Athlon 64 3200+ inali kuthamanga pa 2.0 GHz cabe, dzinalo linali louza ogula kuti ilimbana na Pentium 4 ya 3.2 GHz. Yapamwamba kwambili inali Athlon 64 FX-51, ya 2.2 GHz na L2 ya 1 MB. Kutatsala sabata kuti ituluke, a Intel analengeza Pentium 4 Extreme Edition: anatenga silicon ya Xeon ya m'ma server, yokhala na L3 ya 2 MB, n'kuigulitsa kwa osewela magemu pa mtengo wa pafupifupi madola 1,000. Anthu anaipatsa dzina lonyoza lakuti Emergency Edition. Koma kwa ife, apa ndiye panabadwila mtundu wa mapulosesa amene nkhani ino ikukamba, aja a pa desiki odula koopsa amene mtima wake ni wa server. Onaninso cida cimene a Intel anathamangila pamene zinavuta: sanawonjezele GHz, anawonjezela cache. Prescott inali kutentha kwambili cakuti inaima pa 3.8 GHz, ndipo ya 4 GHz imene analonjeza anaifafaniza mu October 2004.

Mu July 2006 a Intel anasiya njila imeneyo. Core 2 Duo, imene mizu yake inali m'mapulosesa a ma laptop opangidwa na gulu lawo la ku Haifa, inali na masitepe 14 na L2 ya 4 MB imene ma core awili anali kugawana. Kugawanako kunali kofunika: core imodzi ikakhala pa nchito yaikulu inali kutenga mbali yaikulu ya shelefu. E6600 ya 2.4 GHz, ya madola 316, inali kupambana Pentium Extreme Edition 965 ya 3.73 GHz pa mayeso ambili, ndipo inapambananso Athlon 64 FX-62. Mu November 2008 Core i7 yoyamba inakhazika dongosolo limene tikali kuona lelo: core iliyonse na L1 na L2 yake, ndipo onse agawana L3 imodzi. Pa i7-920 L2 inali 256 KB pa core, L3 inali 8 MB, ndipo cowongolela memory cinalowa mkati monga mmene a AMD anacitila zaka zisanu m'mbuyomo.

Kenako kunali zii. Core i7-920 ya 2008 inali na ma core 4 na L3 ya 8 MB. Core i7-7700K ya January 2017 inali na ma core 4 na L3 ya 8 MB. Zaka zisanu na zitatu, manamba awiliwo sanasunthe. Zoona, core iliyonse inali kuwonjezela mphamvu caka na caka, ndipo amene anali na ndalama anali kukwela pamwamba: 12 MB pa i7-980X mu 2010, 20 MB pa i7-5960X mu 2014, 25 MB pa i7-6950X ya ma core 10 mu 2016, pa mtengo wopitilila madola 1,700. Panali kanthu kamodzi kacilendo mu 2015, Core i7-5775C, imene inali na 128 MB ya memory yapadela mu phukusi lake, yogwila nchito monga L4. Liwilo lake linali lotsika, koma m'magemu inali kulimbana na azibale ake othamanga kuiposa. A Intel sanaipitilize pa desiki, ndipo tiona kuti anasiya golide m'munda.

Cifukwa ca zii ameneyo cinali cakuti wopikisana naye anali atagwa, ndipo apa tabwelela ku FX yathu ya m'tauni. Mu October 2011 a AMD anatulutsa mapulosesa a FX pa pulani yochedwa Bulldozer, ndipo FX-8350 ya 2012 ni mwana wake wokonzedwako. Ma core 8 aja ali m'magulu anayi a awiliawili. Gulu lililonse ligawana L2 ya 2 MB, mbali yowelenga malangizo, na mbali yowelengela manamba a madesimo, amene ndiwo ofunika kwambili pokonza mawu na nyimbo. L1 ya data ni 16 KB pa core, hafu ya imene ili mu i7-4770. L2 yake ni yaikulu kuwilikiza kasanu na katatu, koma kuifika kumatenga kugunda pafupifupi 20 pamene ya Intel imatenga 12. L3 yake sithamanga pa 4.0 GHz ya pa bokosi, ithamanga pa 2.2 GHz. Mashelefu aakulu, koma ali kumapeto kwa kolido. Nkhani ya ma core 8 inafika mpaka ku khoti ku California, ndipo mu 2019 a AMD anavomela kulipila madola 12.1 miliyoni kuti mlandu uthe.

Caka ca 2017 cinagwedeza zonse. A AMD anabwelanso na Ryzen mu March, ndipo mu August anatulutsa Threadripper 1950X: ma core 16, L3 ya 32 MB, madola 999. Koma 32 MB imeneyo inali m'zigawo zinayi za 8 MB, ciliconse ca ma core anayi. Core ikafuna kanthu kali m'cigawo cina, ulendo unali kutalika, nthawi zina kuyandikila wa ku RAM. N'cifukwa cake panali Game Mode, imene inali kuzimitsa hafu ya ma core kuti magemu ayende bwino. Tangoganizani, kugula 16 n'kuzimitsa 8.

A Intel nawonso anasintha kamangidwe pa Core i9-7900X. Kale L3 yawo inali kusunga kope ya ciliconse cili mu L2, kuti core ina ikafuna kanthu isagogode pa khomo lililonse. Kuipa kwake, malo anali kuwonongeka posunga zinthu kawili. Manje anakulitsa L2 kucoka pa 256 KB kufika pa 1 MB pa core, anasiya kusunga makope onse, ndipo L3 inacepa kucoka pa 25 MB kufika pa 13.75 MB. Anasinthanso msewu wolumikiza ma core, kucoka pa wozungulila kupita pa wa mizele yopingasana. Pa nchito zolemela monga kupanga mavidiyo inali patsogolo. M'magemu ena, pulosesa yatsopanoyi inali kutsalila kumbuyo kwa i7-6950X imene inabwela kudzailowa m'malo.

Kucokela apo a AMD anakakamila pa L3. Mu 2019 anawilikiza cigawo ciliconse kufika pa 16 MB. Ryzen 9 3950X inali na 64 MB, ndipo Threadripper 3990X ya February 2020 inali na ma core 64 na 256 MB, pa madola 3,990. Mu November 2020, pa Ryzen 5000, sanawonjezele olo megabyte imodzi. Anangogwetsa cipupa pakati pa zigawo ziwili, kuti ma core 8 onse azifika pa 32 MB imodzi. Kusintha kumeneku, pamodzi na kukonza kwina mkati mwa core, kunawapatsa malo oyamba m'magemu amene a Intel anali atagwila zaka zoposa khumi.

Mu April 2022 kunabwela Ryzen 7 5800X3D. Malo a m'mbali atatha, anamanga nyumba yosanja: kacidutswa ka 64 MB pamwamba pa silicon ya pulosesa, kolumikizidwa na tumawaya twa kopa topyola m'silicon, L3 yonse n'kufika 96 MB. Silicon yowonjezela pamwambapo inali monga bulangeti, yoletsa kutentha kutuluka bwino, conco anatsitsa liwilo: 4.5 GHz pamwamba, pamene 5800X wamba inali kufika 4.7. Namba inatsika, koma m'magemu ambili inasiya 5800X kutali, ndipo inali kulingana olo kupitilila Core i9-12900K ya 5.2 GHz, pa mtengo wa madola 449. Inali kulowanso pa ma motherboard ambili akale a AM4. Kwa ife inali Celeron 300A itabadwanso. Mu November 2024, pa 9800X3D, anatembenuza nyumbayo, cache pansi ma core pamwamba, ndipo liwilo linakwela kufika 5.2 GHz.

Tisanamizane, cache si mankhwala a matenda onse. 5800X3D imodzimodziyo, ukaipatsa nchito yopanga vidiyo olo cithunzi ca 3D, inali kutsalila pang'ono kumbuyo kwa 5800X wamba. Gemu imabwelela mobwelezabweleza ku zinthu zimodzimodzi zomwazikana, malo a adani, mapu, malamulo a kayendedwe, ndiye zikakwana mu 96 MB maulendo a ku kantemba acepa. Vidiyo imadutsa monga madzi a mu mpope, cithunzi ciliconse cibwela kamodzi n'kupita, ndipo pamenepo cofunika ni liwilo na kuculuka kwa ma core. Mukaona wogulitsa akukuuzani za ma megabyte a cache, m'funseni kuti ni L ingati, ni ya core imodzi olo yogawana, ndipo pulosesayo ni ya caka citi.

Ku wailesi tinagula i7-4770. Nchito yathu yaikulu ni kudula mawu, kucotsa phokoso na kusakaniza ma jingle, ndipo zambili mwa izi zimadalila mphamvu ya core imodzi na manamba a madesimo. Koma kukamba zoona, cimene cinagonjetsa komiti si mbili yonseyi. Inali namba ina imene palibe anaiyang'ana poyamba: i7-4770 inalembedwa 84 W, FX-8350 inalembedwa 125 W. Aliyense anali kukumbukila 2024, madzi atacepa ku Kariba, pamene tinali kuulutsa maola ambili pa mabatile na sola, tikuwelenga mawati monga makobili. Asungicuma atamva kusiyana kwa 41 W anasaina pomwepo.

Kompyutayo igwila nchito bwino mpaka lelo. Koma a Microsoft analeka kusamalila Windows 10 mu October 2025, ndipo pa mndandanda wa mapulosesa ovomelezeka pa Windows 11 palibe i7-4770, palibenso FX-8350. Manje mu situdiyo mwabuka mkangano wina, ena afuna tiike Linux, ena afuna tiyambenso kusonkha.